Kalata yaiwisi ya amayi

Kalata ya amayi ndinaifafaniza ndekha, ndi zala zanga zomwezi, Loweruka lina masana ndikukukuta chimanga chootcha. Kunalibe wakuba, kunalibe moto, ngakhale magetsi tsiku limenelo anadziletsa, sanathime. Ndinalemba timizere tisanu pakompyuta ya malume, n'kudina batani, ndipo mawu amene amayi anandisiyira asanamwalire anapita. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pa nthawi imeneyo ndinkadziona ngati mwana wabwino kwabasi.

Malume, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anandilera. Anali ndi kachipinda kotayipiramo makalata ku Old Town, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya amwenye. Kuti ufikeko unkadutsa m'kanjira kopanikiza, pakati pa makatoni ndi njinga za anthu ogwira ntchito m'sitolomo. M'kati munali tebulo limodzi, benchi ya makasitomala, pulinta imene inkafuna kuinyengerera kaye kuti igwire ntchito, ndi makina akale otayipira amene malume anawafunditsa chitenje ngati wodwala malungo. Ntchitoyi anaiphunzira m'maofesi a boma, ndipo anachoka nayo kumeneko pamodzi ndi taye ndi mwambo wake wonse. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro ndi za maukwati, madandaulo a malire a puloti. Ambiri sankabwera ndi pepala. Ankangokhala pabenchipo n'kuyamba kulankhula, malume akutayipa osayang'ana zala.

Ine ndinabwera m'manja mwawo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene anadzanditenga kumudzi kwathu, kupitirira Mitundu, amayi anandisambitsa m'mamawa, kundidzoza mafuta mpaka kuwala, n'kundimangira mtedza pakansalu. Atatero anatola khasu n'kunena kuti akupita kukaunga mizere mvula isanawapeze. Kumsewu anandiperekeza ana anzanga ndi galu. Amayi sanabwere.

Ndinakula nacho chimenecho. Si kuti ndinkadana nawo, ayi. Patchuthi ndinkapita, tinkaseka, ndipo nditayamba ntchito ndinkawagulira zitenje zimene ankaziponya m'sutikesi n'kumavalabe zakale. Koma pansi pa mtima ndinkakhulupirira kuti tsiku lija anatula katundu, anapumako. Kuwafunsa sindinawafunse. Ukanayamba bwanji, iwo akukupakulira ndiwo n'kumakuseka kuti wawonda ngati wa m'tauni weniweni?

Nditamaliza maphunziro a makompyuta n'kupeza ntchito ku City Centre, malume anali atagula kale kompyuta, ndipo inkadwala sabata ndi sabata. Kasitomala aliyense wobwera ndi fulashi ankabwera ndi matenda ake. Ndinatopa ndi kuitanidwa, ndiye tsiku lina ndinachotsa zonse n'kuwaikira pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux, imene mavayirasi a m'mafulashi saigwira wamba. Anang'ung'udza mwezi wathunthu kuti ndawasokonezera ofesi. Kenako anazolowera, n'kuyamba kuuza makasitomala kuti makina awo ndi okhwima, anawatemera mwana wa mlongo wawo.

Pali kakhalidwe kena ka Linux kamene sindinawauze, poti sindinaone kufunika kwake. Kwa iyo, dzina lolembedwa m'zilembo zazikulu ndi dzina lomwelo lolembedwa m'zilembo zazing'ono ndi anthu awiri osiyana, ndipo angathe kukhala m'foda imodzi osakangana. Makompyuta ambiri amene anthu amagwiritsa ntchito salola zimenezo. Malume anakatulukira okha kakhalidwe kameneka, n'kukapezera ntchito, ine osadziwa.

Amayi anadwala ine ndili ku Blantyre, kumaphunziro a miyezi itatu amene kuntchito ananditumiza. Malume anakawatenga kumudzi kuti azikhala kwawo, pafupi ndi chipatala. Pafoni ankandiuza kuti akupezako bwino. Kwathu wodwala amapezako bwino mpaka tsiku lomaliza, ndipo ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinakhulupirira. Ndinafika atatseka kale maso.

Titabwerako kumaliro malume anandipatsa envelopu yoyera. Anati masiku angapo asanagonekedwe m'chipatala, amayi anaumirira kuti awatengere kuofesi kuja, akakhale pabenchi ngati kasitomala wina aliyense, akalembetse kalata ya kwa ine. Ndinaitsegula pomwepo. Inali ya tsamba limodzi, yotayipidwa bwino, yopanda cholakwa. Inayamba ndi kunena kuti cholinga cholembera kalatayi chinali kundithokoza chifukwa cha chisamaliro changa ndi kundilimbikitsa kuti ndisasiye kupemphera. Pakati pake panali mzere umene ndinauloweza osafuna: "Ndinakutumiza kutauni pofuna kuti upeze maphunziro abwino, ndipo ndine wokondwa kuti cholingachi chinakwaniritsidwa."

Amayi anga, mzimayi amene ankakalipira mbuzi mpaka mbuzi kuchita manyazi, anali asanatchulepo mawu akuti kukwaniritsidwa chibadwire. Komabe ndinaganiza kuti munthu akakhala kutsogolo kwa kompyuta amalankhula ngati ali m'khoti, ndiponso kuti zimenezo ndizo anali nazo zondiuza. Ndinaipinda kalatayo n'kuiika m'Baibulo. Mtima unangoti, waona, sizinawapweteke.

Patapita zaka zinayi maso a malume anayamba kuchita nkhungu. Poyamba ankakulitsa zilembo pasikirini mpaka mawu atatu kudzaza mzere, kenako anavomera kuti nthawi yotseka yakwana. Tinagwirizana kuti adzakhale nane ku Area 9, kumene ndinkachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu. Mafayilo awo, a zaka zambirimbiri, anati tiwasiyire mayi wina wotayipa cha kumsika, poti makasitomala akale amabwerabe kudzafuna makalata awo. Ntchito yanga inali yongokopera zonse padisiki yonyamula m'manja n'kukapereka.

Loweruka limenelo ndinafika chakumasana, nditagula chimanga pakona. Malume anatuluka panja kukamwa tiyi ndi mwini sitolo uja, bambo wachikulire amene anakhala nawo moyandikana zaka zonsezo. Anthu awiriwa ankakangana za mpira tsiku lililonse, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe wopita kukaonera. Ndinalumikiza disiki n'kuyamba kukopera. Pasanathe mphindi, kompyuta inaima n'kunena kuti fayilo ya dzina limeneli ilipo kale. Ndinaidumpha imeneyo. Inaimanso pa ina, kenako pa ina.

Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pafupifupi kalata iliyonse inalipo kawiri, ina dzina lake m'zilembo zazikulu, ina m'zazing'ono. Disiki yanga inali ya mtundu wosalola mapasa otere. Ndinatsegula mapasa angapo, kuwerenga mizere yoyamba mothamanga, n'kuona kuti nkhani ndi imodzi, munthu ndi mmodzi. Ndinaseka ndekha. Ndinati nkhalamba yanga yakhala ikuiwala batani la zilembo zazikulu lili chiyakire, n'kumasunga chinthu chimodzi kawiri osadziwa.

Malume anali pamtunda wa mapazi khumi okha, ndinkawamva akuseka. Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amandifunsa kuti bwanji sunangotuluka n'kuwafunsa, ndipo ofunsa choncho sanaleredwe ndi malume a taye. Kuwafunsa kunali kuwauza pamaso pa mnzawo kuti ofesi imene ankainyadira inali yosalongosoka, kuti maso anayamba kuwanamiza kalekale. Ife tinaphunzitsidwa kuti ukapeza m'chipinda cha munthu wamkulu muli mbwee, umasesa mwakachetechete, iye adzapeze mwayera, nonse n'kukhala ngati palibe chachitika. Ndinasankha kusesa.

Ndinatsegula windo lakuda lija limene ife a makompyuta timalembamo malamulo, timati shelo, n'kulemba kasikiripiti. Sikiripiti ndi mndandanda chabe wa malamulo amene umapatsa kompyuta kuti iwatsate payokha, m'malo moti iwe uzidina fayilo imodziimodzi mpaka dzuwa kulowa. Yanga inkati: lowa m'foda iliyonse, tenga dzina la fayilo, ulipereke kwa lamulo lotchedwa tr kuti zilembo zazikulu zonse azisandutse zazing'ono, kenako lamulo lina lotchedwa mv liipatse fayiloyo dzina latsopanolo. Basi. Zoterezi ndinali nditazilembapo kambirimbiri kuntchito.

Koma mv ndi wantchito wosafunsa. Ukamuuza kuti fayilo iyi uitche dzina lakuti, iye n'kupeza kuti dzinalo lili ndi mwini wake kale, amangochotsa mwini wakeyo n'kukhazikapo mlendo osanena kanthu, ndipo chochotsedwacho sichipita ngakhale kubini kumene ungakachitole. Pali kachilembo kamodzi kamene ukakawonjezera pa lamulolo, mv amayamba wakufunsa kaye. Ndimakadziwa. Ndinkakalipira nako anzanga kuntchito. Tsiku limenelo ndinakasiya dala, poti ndinkafuna kuti mapasawo athe, patsale kalata imodziimodzi yaukhondo.

Ndinadina. Windo lakuda silinanene chilichonse, monga limachitira zinthu zikayenda bwino. Mafayilo onse a zilembo zazikulu anavula mayina awo n'kukhala pamwamba pa anzawo a zilembo zazing'ono, ndipo chiwerengero chinatsika pafupifupi ndi theka. Ndinakopera zotsalazo padisiki, zinalowa bwinobwino. Malume atalowa ndinawauza kuti zonse zatheka, iwo n'kundiyamikira kuti ndili ndi manja opepuka. Sabata yotsatirayo anagwirabe ntchito, akumalizitsa kabuku ka ukwati wina kodzaza ndi zithunzi, ndipo mafoda akale sanawatsegule.

Loweruka linalo linali lotsekera. Mapepala tinalongedza m'makatoni, benchi tinapatsa mlonda wa pasitolo. Nditagwira chingwe cha kompyuta kuti ndizule, malume anandiletsa.

"Khala pansi kaye. Muli chinthu chako m'menemo. Tsegula foda ya banja."

Ndinatsegula.

"Upeza mafayilo awiri olembedwa kuti mlongo, ina ya zilembo zazikulu, ina ya zazing'ono. Tsegula ya zazing'onoyo."

Fayilo inalipo imodzi. Nditaitsegula, pasikirini panabwera kalata ija ya m'Baibulo, ndi cholinga chake chokwaniritsidwa. Ndinawerenga mzere woyamba mokweza.

"Iyo ndi yakupsa," anatero malume. "Ndikufuna yaiwisi."

"Yaiwisi ndiye iti, malume?"

Anandifotokozera moleza mtima, ngati akuphunzitsa munthu ntchito. Kasitomala akamalankhula, iwo ankatayipa chilichonse momwe chikutulukira m'kamwa, zobwereza, zotukwana, zolira, osasiya kanthu. Imeneyo ndiyo yaiwisi, ndipo dzina lake ankalilemba m'zilembo zazing'ono. Kenako ankaikonza, kuichotsa minga, kuiveka jekete, n'kuisunga pa dzina lomwelo koma m'zilembo zazikulu. Imeneyo ndiyo yakupsa, yopita kwa mwini wake. Kuboma ankasiyanitsa ndi mtundu wa pepala. Makina anga okhwima aja anawapatsa njira yochitira zomwezo popanda kuvutika kuganiza mayina awiri.

"Ya mayi ako yaiwisi ndi masamba atatu," anatero. "Ndakhala ndikufuna kukupatsa."

Ndinawauza. Ndinafotokoza zonse, za disiki, za sikiripiti, za kachilembo kamene ndinakasiya dala. Ndinkathira Chingerezi chambiri, monga ndimachitira ndikagwidwa ndi mantha. Malume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye nthawi yaitali.

"Zaiwisi zonse?"

"Zonse, malume."

"Ine ndinali panja pomwepa."

"Ndinaopa kukuchititsani manyazi."

Ndinkayembekeza kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anakhala pakatoni n'kunena kuti mlandu waukulu ndi wawo, poti kalatayo anakhala nayo zaka zinayi. Anati anaphunzitsidwa kuti yaiwisi situluka muofesi. Munthu amabwera kwa wotayipa kuti umuveke, ndipo sungamutulutse panja ali chivulire. Tsiku limenelo amayi analira, anasokoneza nkhani, anatukwanako matenda awo, ndipo iwo sanafune kuti mlongo wawo atsale papepala ali choncho.

"Ndimati ndikumulemekeza," anatero. "Iwenso umati ukundilemekeza ine. Taona kumene ulemu wathu watifikitsa."

Disiki ya m'kati mwa kompyutayo ndinaitulutsa n'kupita nayo kuntchito. Fayilo ikafafanizidwa, zolembedwamo zimatsalabe pansi kwa kanthawi mpaka china chitadzakhala pamalo pake, ndipo pali mapulogalamu ofukula zoterezi. Kwa masabata awiri, nthawi ya nkhomaliro anzanga akutsika kukadya pansi pa mitengo ya ku City Centre, ine ndinkatsala ndikufukula. Zinatuluka zambiri, zopanda mayina, zina zodukaduka. Ndinawerenga zaiwisi za anthu osawadziwa. Bambo wina wofunsira ntchito ya ulonda ananena kuti ana ake agona masiku awiri ndi phala la mchere, ngati bwana ali ndi mtima amuganizireko. Yakupsa yake, imene ndinaipeza padisiki ina ija, inkangoti iye ndi munthu wokhulupirika ndi wolimbikira ntchito. Mayi wina polembetsa mbiri ya malemu amuna ake anayamba ndi kunena kuti anali ovuta, ouma mutu, ndipo sakudziwa kuti tsopano azikangana ndi ndani. Apo ndi pamene ndinadziwa ntchito imene malume ankagwira m'kachipinda kaja zaka zonsezo. Koma ya amayi sinatuluke. Pamalo pake panakhala zithunzi za ukwati uja, akwati akudyetsana keke.

Malume anasamukira kwanga. Area 9 sinawakomere. Anati kuno anthu amakhala ngati anayambana, mipanda italiitali, olankhula ndi agalu okha. M'mawa ankatulutsa mpando pageti kuti azipatsa moni antchito oyenda pansi opita m'mayadi, ndipo pasanathe mwezi ankadziwa amene mwana wake akudwala ndi amene akufuna kusiya ntchito. Za kalata ya amayi sitinkakamba. Ine ndinkachita manyazi, iwonso chimodzimodzi, ndiye tinkangokambirana za mvula ndi za mankhwala a m'maso.

Lamulungu lina titabwerako kutchalitchi, titatha kudya, anandiuza kuti nditenge laputopu tikakhale pakhonde.

"Ine ndinena, iwe utayipe. Usakonze kanthu."

Anakhala mowongoka, manja pamaondo, n'kuyamba: "Mwana wanga wokondedwa, ndafuna kukudziwitsa kuti pa tsiku limene unanyamuka..."

"Malume, imeneyo ndi yakupsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati jekete lovala zaka zonsezo silivulika tsiku limodzi. Kenako anatsamira khoma n'kutsinzina. Atayambanso, mawu anali awo, koma kayendedwe kake kanali ka munthu wina, kothamanga, kodumphadumpha, kamene ndinali ndisanakamvenso chiwaikire amayi m'manda.

"Achimwene, mulembe momwe ndikuneneramu, musandiikiremo zakusukulu zanuzo." Apo anatsegula maso n'kutembenukira kwa ine. "Anayamba choncho. Ndipo ine ndinavomera." Anatsinzinanso.

"Mumuuze mwanayo kuti tsiku lija kumunda sindinafikeko. Ndani angalime tsiku ngati limenelo? Khasu ndinalisiya pachulu, ndinazungulira cha kudambo, ndinakaima kuseri kwa chigayo chakufa chija cha pamsewu. Ndikanati ndimuperekeze ndikanamutsitsa m'basimo, ndikudzidziwa ine, inu mukanabwerera nokha ndi taye yanuyo. Ndiye ndinati bola andione wouma mtima koma apite. Mtedza uja unali wambewu, mumuuze, chaka chimenecho sindinadzale. Kapu yake sindinalole munthu kumwera, ndinakangana ndi mudzi wonse chifukwa cha iyo, kapu yamalata yosaoneka bwino n'komwe."

Ndinkatayipa osaona sikirini. Misozi inkagwera pazala, ine osapukuta, kuopa kuti ndikasuntha dzanja malume angataye njira. Anapitiriza nthawi yaitali. Zina zinali zoseketsa: amayi ananyoza tiyi wa kuchipatala, anagawa mbuzi zawo n'kusinthanso maganizo kawiri, anandichenjeza kuti ndisadzakwatiwe ndi munthu wosapereka moni. Zina malume ankazibweza, kunena kuti ayi, sananene choncho, fufuta, ananena chonchi. Pena ankaima n'kugwedeza zala pamaondo ngati akutayipa, mawu n'kubwera.

Titadzaza masamba awiri anatsegula maso.

"Pali china," anatero. "Chinali kumapeto kwenikweni, asanapemphe madzi. Chachifupi. Ndikuona pamene chinali patsambapo, pansi penipeni, koma mawu ake sakubwera."

Tinadikira mpaka mthunzi wa mpanda unafika pamapazi athu. Ndinawauza kuti zimene andipatsa zakwana, ndipo panthawiyo ndinkanenadi zoona. Ndinasunga fayiloyo malo atatu osiyana, n'kuwathirira tiyi.

Koma mtima wa munthu ndi wosayamika. Masiku otsatirawo ndinkawerenga masamba awiriwo m'mawa ndi madzulo, ndipo kamtima kena kanayamba kundinong'oneza. Malume ndi katswiri woveka anthu mawu. Zaka zinayi n'zambiri, ndipo amayi ankawadziwa kuyambira ali ana, kalankhulidwe kawo konse kanali m'makutu mwawo. Nanga bwanji ngati anangoona mwana akuvutika n'kumukonzera kalata ina, yooneka yaiwisi koma yophika iwo? Sakanachita mwabodza, akanachita mwachikondi, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero. Yoti ndiyerekeze nayo ndinali nditaifafaniza ndekha. Kuwafunsa sindikanatha, ndipo ndinayamba kuvomereza kuti sindidzadziwa ngati amayi anaimadi kuseri kwa chigayo chija.

Lachitatu lina m'mawa, patapita masabata angapo, ndinali m'galimoto ndikubwerera chambuyo kuti ndituluke pageti, nditachedwa kale kuntchito. Ndinaona malume akubwera kuchokera kunyumba atavala patapata, dzanja limodzi likupapasa khoma. Anafika n'kugogoda pagalasi. Ndinatsitsa.

"Mawu akumapeto aja abwera," anatero akupuma mofulumira. "Ndimatsuka m'kamwa, angobwera okha. Mayi ako anati, basi itanyamuka ana onse ankabayibitsa, koma mwana wangayo sanawayang'ane n'komwe. Anagwada pampando wakumbuyo, chipumi pagalasi, maso ali kunjira ya kumunda. Mumuuze kuti ndinamuona."

Tsiku lija basi inali yodzaza. Malume anaima kutsogolo pafupi ndi chitseko atapanikizidwa ndi matumba, ine anthu anandipatsirana mpaka kumpando wakumbuyo, pakati pa azimayi awiri osawadziwa. Zoti ndinagwada n'kuyang'ana njira ya kumunda mpaka fumbi kuitseka sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale malume amene, ngakhale Mulungu popemphera. Wotha kuziona anali munthu woima pansi, kumbuyo kwa basi.

Ndinazimitsa galimoto pakati pa geti. Malume anaimabe pomwepo atagwira chitseko, milomo ikubwereza mawuwo kuti asawathawenso, akudikira kuti ndipeze polemba.